Safunsa Anadya Mbale

1. Matenda a Gresham

Gresham anali ndi matenda amodzi amene ngakhale zipatala zikuluzikulu za ku Cape Town sizikanawachiza. Matendawo anali mawu oti “ndikudziwa.” Mumuuze kuti takisi iyi ikupita ku Khayelitsha, ayankha kuti, “Ndikudziwa,” pamene mwendo umodzi waulowetsa kale m’takisimo poyesa ikupita m’tauni. Mumuuze kuti madzi a m’nyanja ya kuno ndi amchere, ayankha chimodzimodzi, kwinaku akulavula.

Mnyamatayu anachokera ku Dwangwa atangomaliza Fomu 4. Ankafuna kugwirako ntchito ku Joni kuti adzadzilipirire sukulu ya zamagetsi. Mayi ake sanafune n’komwe kuti apite. Anavomera mchimwene wawo, a Wilkins, atalonjeza pafoni kuti mwanayo akadzangoyamba kuvutika adzamukweza basi yobwerera kumudzi.

A Wilkins ankawotcherera mageti ku Maitland, dera lina la Cape Town, ndipo ankachita lendi kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni ake. Anali odziwika pakati pa Amalawi a kumeneko, choncho kumupezera Gresham ntchito sikunavute. Chovuta chinali choti ntchitoyo ikhalitse.

Ntchito yoyamba inali yosamalira maluwa kwa dona wina. Donayo atangoyamba kufotokoza, Gresham anati, “Ndikudziwa.” Pofika masana anali atazula zitsamba zonse zimene donayo anazilera kwa zaka zambiri, poti kwa iye zinkaoneka ngati tchire. Anaziunjika bwinobwino pakona n’kukhala pansi kudikira kuyamikiridwa. Ntchito yachiwiri inali yotsuka magalimoto. Kumeneko anakwecha galimoto yatsopano ndi waya wokwechera mapoto, ndipo zotsatira zake tisazitchule pagulu.

Loweruka lina m’mawa, a Wilkins anamuitana asanavale nsapato.

“Khala pansi, mphwanga, undimvere. Lero ukupita kwa mayi Jamilah. Mayi amenewa ndi a ku Mangochi, amagulitsa zakudya pamsika wa Loweruka m’tauni, ndipo ndachita kuwagwadira kuti akuyese. Za maluwa ndawabisira, za galimoto ndawabisira. Dzina langa ndi limene ndaika pamoto chifukwa cha iwe. Kwathu munthu wosafunsa akasochera amakatulukira kwa azakhali ake, n’kumwa thobwa. Kuno ukasochera umakatulukira kupolisi. Ine ndinafika mumzinda muno ndili ndi ndevu, koma ndinkafunsa ngakhale tiana ta sukulu kuti sitima iyi ikupita kuti. Sindinafe nazo, ndipo ndevu zanga sizinathothoke. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Iwe phula wadya kawiri. Ukadya kachitatu, Lolemba ukwera basi, ukathandize mayi ako kupalira nzimbe. Wamva?”

“Ndikudziwa, malume.”

A Wilkins anayang’ana kudenga ngati munthu wopempha thandizo lochokera kumwamba, kenako anamupatsa ya takisi.

2. Mawu amene mphepo inaba

Tsiku limenelo phiri lalikulu la mumzindamo linali litafunda mtambo wake, ndipo aliyense wokhala ku Cape Town amadziwa kuti likatero chimphepo chafika. Pamsika matenti ankagwedezeka, zipewa zinkathawa eni ake, ndipo amalonda ankapsinja katundu wawo ndi njerwa.

Mayi Jamilah anali aafupi, a maso akuthwa, atamanga mpango wobiriwira. Ankagulitsa mpunga wa zokometsera ndi nkhuku, samusa ndi zitumbuwa. Kumbuyo kwawo kunali mwana wawo Laila, mtsikana wa msinkhu wa Gresham, amene ankaphunzira kukoleji koma Loweruka ankathandiza kukazinga. Gresham atamuona, anakonza kolala ya shati yake, ngakhale mphepo inaipindanso nthawi yomweyo.

“Ndiwe mwana wa alongo awo a Wilkins?” anafunsa mayi Jamilah. “Samba m’manja, vala epuloni iyo, ubwere ndikuonetse mbale.”

Anatsegula katoni. Munali mbale zambirimbiri zotuwira, zopepuka, zomanidwa kunyezimira. Mayi Jamilah ananyamula imodzi.

“Pamsika pano za pulasitiki analetsa. Izi ukuziona ngati za mapepala, koma n’za nzimbe. Akafinya madzi opangira shuga, zotsala zija amaziphika n’kuziumba kukhala mbale. Makapu awa ndi chimodzimodzi. Sizitsukidwa, ndipo sizitayidwa m’bini yakuda. Zimadyedwa ndi nthaka. Kasitomala akatha kudya, uzimulozera bini yobiriwira ili kuseri kwa tenti yaikuluyo, amakapangira kompositi.”

Amenewo ndi mawu amene mayi Jamilah ananena. Koma atangofika pa “zimadyedwa,” chimphepo chinawomba tenti, chinsalu chinalira kuti phaphapha, chivundikiro cha poto chinagubuduka pansi, ndipo takisi ina inaliza hutala pamsewu. Gresham anaona milomo ya mayiwo ikuyenda ndi dzanja likuloza kwinakwake, koma m’khutu mwake munangotsala mawu amodzi: zimadyedwa.

“Wamva?”

“Ndamva, mayi. Ndikudziwa.”

Kunena zoona, anadabwa. Koma anayang’ana uku ndi uku, ndipo beseni lotsukira mbale sanalione. Anakumbukiranso kuti aisikirimu anthu amadya ndi kachikho kake komwe. Nanga nzimbe si chakudya? Anagwedeza mutu posirira nzeru za anthu a m’tauni, n’kuyamba ntchito.

3. Leka ndi lekker

M’mawa wonse zinthu zinayenda bwino. Gresham anali wachangu, ndipo kumwetulira ankakutha. Anthu ambiri ankagula n’kupita kukadyera kumabenchi akutali, choncho mbale zawo sankaona kumene zinkathera.

Bambo wina wonenepa anagula samusa n’kuluma pomwepo. Anatsinzina, kenako anafuula kuti, “Lekker!”

Gresham anali akupakulira munthu wina mpunga. Atamva mawuwo anaponya chipande n’kukweza manja m’mwamba. Laila anaseka mpaka anatsamira tebulo.

“Sakukuletsa, iwe! Sananene kuti leka. Kuno akati lekker ndiye kuti chinthu chakoma. N’chilankhulo cha eni dziko chimenecho.”

“Ndikudziwa,” anatero Gresham akutola chipande. “Ndimangowongola manja.”

Laila anamuyang’ana kwa kanthawi. Anali mtsikana wabwino mtima, ndipo anthu ongofika kumene anali atawaonapo ambiri.

“Tamva, Gresham. Pamene mayi amakufotokozera za mbale panali phokoso. Unamva zonse? Ngati pali pamene sunamve, ndifunse panopa. Ine sindiluma.”

Apa mwayi unadzibweretsa wokha, wosauitana. Koma wofunsidwayo akanakhala mtsikana, ndipo mtsikanayo anali atangomuseka kumene. Gresham anatukumula chifuwa.

“Ine wa ku Dwangwa ndifunse za nzimbe kwa munthu wa ku Mangochi? Inu mumadziwa usipa. Ine nzimbe ndinayamba kutafuna mano asanamere. Ndikangoinunkhiza ndikuuza munda umene yachokera.”

“Shapu, bwana wa nzimbe,” anatero Laila, n’kubwerera kumafuta ake.

Nthawi ya swala ya masana itakwana, mayi Jamilah anatenga kamkeka kawo n’kupita kuseri kwa magalimoto, kumene amayi achisilamu a pamsikapo ankaswalira. Pochoka anati, “Sindichedwa. Laila akazinge, iwe uzipakula. Chikakuvuta funsa.”

4. Phwando la mbale

Posakhalitsa panafika gulu la alendo oona malo, nkhope zitafiira ndi dzuwa, makamera ali m’khosi. Chifukwa cha mphepo sanapite kumabenchi. Anadyera pompo, ataimirira m’mbali mwa tenti. Mayi wina wa chipewa chachikulu atamaliza mpunga wake, anabwera kwa Gresham atanyamula mbale, n’kufunsa m’Chingerezi kuti aiike kuti.

Laila anali pompo kumbuyo, atatembenukira kumoto. Kungomukodola kukanakwana. Koma bwana wa nzimbe akanayambira pati? Gresham anasonkhanitsa Chingerezi chake chonse cha Fomu 4 n’kuwauza mayiwo kuti mbaleyo ndi ya nzimbe, siitayidwa, imadyedwa.

Mayiwo anaseka poyesa nthabwala. Gresham anaona kuti akukayikiridwa, ndipo zinamuwawa. Anatenga mbale yatsopano m’katoni, anaionetsa kwa onse ngati wamatsenga, n’kuiluma m’mphepete.

Munthu amene anatafunapo katoni ya sopo ndi yekhayo angamvetse zimene Gresham anakumana nazo. Chinthucho sichinali chotsekemera, sichinali chowawa, chinangomwa malovu onse n’kuyamba kufufuma m’kamwa. Anafuna kulavula ngati mmene amachitira ndi nzimbe ya kwawo, koma maso onse anali pa iye. Anatafuna, anatafuna, anatseka maso n’kumeza. Chinatsika pang’onopang’ono, chikupuma pa siteji iliyonse ngati basi ya kumudzi.

Kenako anamwetulira n’kukweza chala chachikulu.

Mayi wa chipewa uja analumako yake. Nkhope yake inasintha, ndipo ananena mwaulemu kuti sakumva kukoma kulikonse. Gresham sanasowe yankho. Anafotokoza kuti iye ndi wochokera kuminda ya nzimbe, ndipo nzimbe siitsekemera kunsonga. Kutsekemera kuli kutsinde, ndipo tsinde la mbale ndi pakati pake. Ofuna kumva kutsekemerako apirire, adye cholowera m’kati.

Alendo aja anagwedeza mitu pomva nzeru zakuya zotere. Wina analuma, winanso analuma. Anyamata a sukulu amene ankadutsa anaima, n’kutulutsa mafoni. Gresham ataona makamera, mzimu wa ukatswiri unamugwira. Analumanso kachiwiri, chachikulu kuposa choyamba, misozi ikulengeza m’maso.

Phokoso la anthu ndi limene linamutembenuza Laila. Anaona mzere wa anthu akuluakulu, ovala bwino, aliyense atagwira mbale yobenthuka, nsagwada zikugwira ntchito. Pakati pawo panali Gresham, masaya atatupa. Mtsikanayo anatsala pang’ono kugwetsa chiwaya.

“Leka! Leka, Gresham! Leka!”

Anthu aja anatembenuka. Anaona mwana wa mwini tenti, munthu wodziwa bwino katundu wake, akukupiza manja n’kufuula mawu amene aliyense ku Cape Town amawadziwa. Anyamata a sukulu anawalandira nthawi yomweyo.

“Lekker! Lekker!”

“Ayi! Ndikuti leka!”

“Lekker!” gulu lonse linayankha, likuwomba m’manja. Amene ankakayikira anasiya kukayikira. Laila akamakweza mawu, nsagwada nazo zinkawonjezera liwiro. Ngakhale Gresham, amene Chichewa anayamwira, anayesa kuti mtsikanayo akumuchemerera m’chilankhulo cha eni dziko, ndipo anamuweramira pomuthokoza.

Kumapeto kwa mzere kunali bambo wina wokalamba, wa imvi, wooneka waulemu wake. Iye anafunitsitsa kufika pakati pa mbale pamene panali kutsekemera. Anaipinda pawiri, analuma mwamphamvu, n’kukoka ndi manja onse. Mbale inachoka, koma sinachoke yokha. Mano ake oikirira anatsala atakanirira pambalepo, akusekerera okha padzuwa.

Pamsika panati zii. Ngakhale mphepo inakhala ngati yaima kuti ione.

5. Zimadyedwa ndi chiyani?

Woyamba kufika anali a Layton, woyang’anira msika, bambo wamtali wa ku Cape Town komweko. Anayang’ana mbale zobenthuka, anayang’ana mano, anayang’ana mkulu uja ataphimba pakamwa ndi chipewa. Nthawi yomweyo mayi Jamilah anatulukira, kamkeka kali m’khwapa.

A Layton analankhula m’Chingerezi, mosakuwa, koma mawu awo anali olemera. Anati pamsikapo panachitikapo zambiri, koma kudyetsa alendo ziwiya kunali koyamba. Anafuna kudziwa ngati mnyamatayo anaphunzitsidwa zimenezi ndi mwini tenti, chifukwa ngati zinali choncho, tentiyo ipasulidwe tsiku lomwelo.

Mayi Jamilah anatembenukira kwa Gresham.

“Meza kaye zili m’kamwazo. Wameza? Tsopano ndiuze. Ine ndinakuuza chiyani za mbale izi?”

“Munati n’za nzimbe, mayi. Munati sizitsukidwa.”

“Eya. Kenako?”

“Munati zimadyedwa.”

“Zimadyedwa ndi chiyani?”

Gresham anatsegula pakamwa. Mawu ake a masiku onse anali atafika kale pamilomo, atakonzeka kutuluka okha. Anaona Laila akumuyang’ana. Anaona mkulu uja akutsuka mano ake ndi madzi a m’botolo. Anakumbukira basi ya Lolemba, ndi ulendo wautali wobwerera kumudzi chimanjamanja. Manyazi anamugwira kuyambira kumutu mpaka kuzala za kumapazi, ndipo anachita mantha.

“Sindikudziwa,” anatero motsitsa. “Mphepo inawomba, sindinamve. Ndinanama kuti ndamva. Laila anandifunsa, ndinanamanso.” Anameza malovu ochepa amene anatsala. “Zimadyedwa ndi chiyani, mayi?”

“Ndi nthaka!” Mayi Jamilah anamenya manja m’ntchafu. “Ndi nthaka, mwana iwe! Kodi iwe ndiwe nthaka?”

Laila anathawira kuseri kwa tenti, ndipo kuseka kwake kunamvekabe. Atabwerera n’kunena zimene anaona, mayi Jamilah anawafotokozera a Layton zonse, mpaka za leka ndi lekker. A Layton anayesetsa kuumitsa nkhope koma masaya awo ankanjenjemera. Gresham anapita kwa alendo aja mmodzimmodzi kukapepesa. Pa mkulu wa mano uja anagwada pansi monga amachitira kwawo, ndipo mkuluyo, mano atabwerera m’malo mwake, anati chimene chinamuwawa kwambiri n’choti pakati pa mbale sanafikepo. Mayi Jamilah anawapatsa onse zitumbuwa zaulere ndi madzi akumwa.

Anthu atabalalika, mayiwo anamukhazika Gresham pa kireti.

“Tamvera, mwana wanga. Ine ndinabwera kuno ndisakudziwa ngakhale kupereka moni m’chilankhulo chawo. Ndinayamba ndi kukolopa m’nyumba za anthu. Tsiku loyamba ndinafunsa mpopi wa madzi otentha ndi uti, ndinafunsa chitsulo ichi n’cha chiyani, ndinafunsa mpaka dona anatopa nane. Koma sindinaswe kanthu, ndipo lero tenti iyi ndi yanga. Iwe umayesa ukafunsa anthu akuona ngati wakumudzi. Nanga lero akuona ngati wakuti? Manyazi a kufunsa amatha munthu asanamalize kukuyankha. Manyazi a kusafunsa ndi awa wavala lerowa, ndipo suwavula msanga. Komanso sunadzichititse manyazi wekha. Alendo aja akakafika kwawo sakanena kuti Gresham, akanena kuti Mmalawi wina anatidyetsa mbale. Mwana wanga ndimamulipirira sukulu ndi tenti imeneyi, ndipo watsala pang’ono kuigwetsa ndi mano ako. Wallahi, ukanayankha kuti ukudziwa, ukanavula epuloni yanga pompano.”

Gresham anangozyolika. Kenako anafunsa ndi mawu aang’ono kuti, “Ndiye ndivule, mayi?”

“Taona, wafunsanso. Ukuchira. Usavule. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Koma chilango chilipo, ndipo akupatsa ndi a Layton.”

Chilango chake chinali choti aime pa bini yobiriwira masana onse, azilondolera anthu potaya mbale. Asanapite anafunsa a Layton ngati afe ndi zimene wameza. Iwo anati sakuganiza choncho, koma mbale si chakudya, amwe madzi ambiri ndipo asadzabwerezenso. Anafunsanso kuti mbalezo zikachoka m’binimo zimapita kuti. A Layton anadabwa kuona wachinyamata akufuna kudziwa za zinyalala. Anamutengera patebulo lina pamene panali ndowa ya dothi lakuda, lofewa, lonunkhira ngati munda mvula itangogwa kumene. Anati zimenezo zinali mbale ndi zotsala za chakudya za miyezi ya m’mbuyo, zitawolerana kumalo opangira kompositi, ndipo alimi a ndiwo zamasamba amazilimbirana.

Gresham anatapa dothilo n’kulifikisa m’manja. Linamukumbutsa munda wa mayi ake, ndipo kwa kanthawi analakalaka kwawo. A Layton anamutapira pang’ono m’kapu ya nzimbe kuti apite nalo.

Masana onsewo anaima pa bini, m’mimba mukulira ngati ng’oma. Mawu a Chingerezi amene sankawadziwa anafunsa a Layton. Moni wa Chixhosa anafunsa mayi wina wosesa. Pofika nthawi yoweruka, mayi Jamilah anamumangira samusa m’pepala.

“Loweruka likubwerali ubwere. Ntchito ndakupatsa, koma osati chifukwa cha changu chako. Ndakupatsa chifukwa cha funso lija.”

“Samusazo udye zokha,” anawonjezera Laila. “Pepala usiye.”

6. Uthenga wa ku Dwangwa

Gresham anatsika takisi ku Maitland dzuwa likadalipo. Ankayenda ngati wovina, kapu ya dothi ili kudzanja lina, samusa kudzanja lina. Anali atakonza kale mmene akawauzire malume ake: ayambira pa nkhani yoti ntchito yapezeka, ndipo zinazo aziika kumapeto, mwachidule.

Pakona anakumana ndi Amalawi awiri ometa tsitsi, amene masiku onse sankamulabadira. Tsikuli anaimirira onse n’kumuchitira sawatcha. “Lekker, achimwene!” anakuwa mmodzi. “Kunyumba tabisa mapoto!” Gresham anafulumira kupita kunyumba.

A Wilkins anali atakhala pakhomo la kachipinda kawo, foni ili m’manja. Sanamupatse moni. Anangomutembenuzira foniyo.

Munali kanema. Munali Gresham, masaya atatupa, chala chachikulu chili m’mwamba, mbale yobenthuka ili m’dzanja. Pansi pake wina anali atalemba kuti: Mmalawi wavutika ku Kepi, wayamba kudya mbale.

“Kali pagulu la pafoni la Amalawi a ku Maitland,” anatero a Wilkins. “Kali pagulu la kutchalitchi. Kali pagulu la anthu a kwathu.”

“Malume, ntchito andilemba. Mayi Jamilah anena kuti ndipitenso Loweruka.”

“Andiimbira kale, andiuza zonse. Akuti lero wafunsa mafunso mpaka azungu atopa nawe. Ndinakondwa, mphwanga, ndinakondwa kwambiri. Basi ya Lolemba ndinaichotsa m’mutu. Kenako kunabwera ichi.”

Anadina foni. Munamveka mawu a mayi ake a Gresham, ndipo ankalira.

“Achimwene, kodi si inu munandilonjeza? Munati mwana wanga akayamba kuvutika mudzandibwezera. Lero ndikuchokera kumunda, anthu akundionetsa pafoni mwana wanga akudya mbale. Mbale, achimwene! Anthu amuzungulira akumuwombera m’manja ngati nyani. Ndamuona m’maso, muli misozi, ine ndine mayi wake simungandinamize. Kuno ndife osauka, koma chinangwa chilipo, palibe anagonapo ndi njala mpaka kutafuna ziwiya. Sukulu ya zamagetsiyo ikhale. Ndibwezereni mwana wanga ali moyo. Mumukweze basi ya Lolemba, ndikamudikira pa siteji.”

Uthenga unatha. Gresham anakhala pansi pa sitepe, n’kuika kapu ya dothi pambali. Tsiku lonse anthu anamuseka ndipo anapirira, koma kulira kwa mayi ake kunamulasa mumtima. Misozi imene anaimeza pamodzi ndi mbale inatuluka tsopano.

“Wamva?” anafunsa a Wilkins.

“Ndamva, malume.” Anapukuta m’maso ndi mkono. “Koma chochita sindikuchidziwa. Nditani?”

Nkhope ya a Wilkins inafewa. Asanayankhe, foni inayamba kulira m’manja mwawo. Pagalasi panaoneka chithunzi cha mlongo wawo atavala chitenje cha chigwirizano cha amayi a kutchalitchi, ndipo ankaimba ya kanema, yoonana nkhope.

“Ine mlongo wangayu sanandikhulupirirepo chibadwire,” anatero a Wilkins akumupatsira foni. “Pukuta bwino misozi, tsegula samusazo azione. Ndipo uyambire pachiyambi penipeni, pamene mphepo inawomba.”

Gresham anapumira m’mwamba, n’kudina kabatani kobiriwira.